Nyale Zitatu, Zipinda Zinayi

Katoni inafika pa kabaza Lachiwiri masana,
yomangidwa ndi mphira, ikununkha fumbi la m'basi.
Mlamu wanga Asiyatu, wa geni ya ku Dar,
anati, "Izi n'za ku Turkey, uzigwire kuposa mazira.
Dzira likasweka nkhuku imaikira lina."

Tinafukula m'manyuzi a zilembo zachilendo,
zinatuluka zitatu, zamimba ngati zipanda,
khungu lake timagalasi toduladula
tomatidwa kamodzikamodzi ndi munthu
amene sanamvepo kuti kunja kuno kuli Salima.

Nyale zitatu.
Nyumba yanga ya ku Kaphatenga ili ndi zipinda zinayi.

Yolendewera pa unyolo, yamtundu wa uchi,
sindinafunse munthu: pabalaza.
Mlendo akalowa aziyamba kuyang'ana kudenga
asanaone pomwe mpando unang'ambika.

Yabuluu ndinapatsa Sumaiya, wa Folomu 4.
Inagonako usiku umodzi wokha.
M'mawa anabwera nayo ataikumbatira:
"Amayi, kope langa lasanduka chitenje,
sikisi akuoneka ngati eyiti.
Ndibwezereni babu langa lamaliseche lija."

Ndinaiyesa kuchipinda kwanga.
Madontho ake anakwera khoma, natsika,
nakagona mbali ya bedi
imene Twaibu anaisiya popita ku Joni
chaka chimene tinkafolera malata.
Ndinawayang'ana mpaka tambala woyamba.
Kutacha ndinapita nayo kukhitchini,
koma utsi wa mbaula sudziwa za Turkey,
mafuta a chigumu anayamba kuiphimba maso,
ndipo inabwerera komwe inachokera.
Pano ndimaiika pansi, kuseri kwa sutikesi,
iziwalira miyendo ya bedi basi.

Yotsala inali yaing'ono, yofiira,
yakhosi lopinda ngati kakowa akamadikira chiwala.
Ndinaiika pambali pa makina anga osokera,
inandinamiza ulusi:
yunifolomu ya mwana wa eni ake
ndinaipinda ndi wakuda, ndikuyesa wabuluu.
Ndinasosola ndekha usiku, ndikutukwana chamumtima.

Chipinda cha bambo sindinachiwerengere.
Ng'ala inawatseka maso zaka zisanu zapitazo,
nyale ya chiyani?
Koma khoma lathu ndi la njerwa imodzi.
"Ndamva kuti mwagawana kuwala," anatero Che Bwanausi,
akupapasa kofia wawo pamsomali.
"Ine gawo langa ladyedwa ndi ndani?"

Ndinawabweretsera kakowa uja, manyazi ali tho.
Zala zimene zinamanga theka la masitolo a pa Kamuzu Road
zinayamba kuyenda pamagalasi pang'onopang'ono
ngati zikuwerenga tasibihi.
"Apa pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu.
Apa mikanda, mizere iwiri.
Apa mmisiri anali atatopa,
kagalasi aka anakaika kopendekeka.
Mwina mkazi wake ankamuitana kuti akadye."
Anaseka. Kenaka anati, "Yatsa."

Ndinayatsa.
Makoma osapaka laimu anachita maluwa,
ndevu zawo zoyera zinapsa ngati chitedze cha moto,
iwo osaona kanthu,
manja ali chigwirire mimba ya nyale.
"Ikufunda," anatero. "Ndiye kuti ndi yofiira."
Sindinawafunse kuti adziwa bwanji.

Sumaiya anasiya masamu nadzaima pakhomo.
Asiyatu anaimba foni kufunsa za ndalama yotsala,
ndinati mawa.

Cha m'ma eyiti magetsi anathima, monga mwa masiku onse.
Uchi wa pabalaza, buluu wa kuseri kwa sutikesi,
babu lamaliseche la mwana wa sukulu,
zonse zii.
Ndinagunda bondo pa makina,
Sumaiya anaponda mchira wa mphaka.

Mumdimamo mawu a bambo anabwera osathamanga:
"Machesi ali pawindo, kuseri kwa botolo la mankhwala.
Yenda masitepe anayi, upinde kumanzere.
Ndipo iyi musaichotse muno,
sinazizirebe."