Gudumu la Twaibu

Sitandade 3 B, ku Mpondasi.
Ana zana ndi khumi ndi anayi m'kaundula,
madesiki khumi ndi awiri,
otsalawo pansi, pa simenti yong'aluka
ngati chidendene cha m'chilimwe.

Twaibu amakhala pafupi ndi khomo,
pomwe kuthawa sikuvuta.
Chaka chachitatu m'kalasi yomweyi.
Ndikalemba "bambo" pa bolodi
iye amalemba "damdo",
mosamala, lilime lili panja,
ngati mmisiri wokhoma bwino msomali
pa thabwa lolakwika.

Anzanga mu ofesi anati ndi ulesi.
Wina anati ndi madrasa, komwe zilembo zimayenda chobwerera.
Koma theka la kalasi limapita komweko
ndipo b wawo sasochera.
Mayi ake, Abiti Ajusa, anabwera dzuwa lili paliwombo,
anafunsa m'Chiyao, kamtsikana kena n'kumasulira:
"Kodi mutu wake ndi wowonongeka?"
Ine ndinangosuntha makope patebulo.

Za ana otere ndinaphunzira masiku atatu basi,
mu holo ya ku Boma, ndi mabanzi ndi zakumwa,
ndi kapepala komwe chiswe chinadya kale.

Ndinamukwapulapo kamodzi. Ndilembe zimenezonso.
Sanalire.
Anayang'ana kamtengoko ngati chilembo china
chomwe chakana kumuuza dzina lake.

Lachinayi lina tcheni cha njinga yanga chinaduka
pafupi ndi mlatho, akabaza akundilambalala ndi mabelu.
Pa shedi ya amalume ake ndinapeza Twaibu,
manja ali bii ndi girisi.
Sanafunse kanthu. Anagoneka njinga chagada,
anapukusa gudumu, khutu lili pafupi ngati namwino,
nati, "Masipoko awiri akhwepa, aphunzitsi. Kumanzereku."

Kumanzere!
Mwana amene ndinkati sadziwa kumanzere.

M'mawa mwake ndinalowa ndi limu yadzimbiri ndi mpope.
Kalasi yonse phwete.
Ndinaimika mpope, limu patsogolo pake: b.
Ndinaigubuduza kumbuyo: d.
"Twaibu, tabwera."
Anagwira chitsulo chija, anachikankha, anachibweza,
anachikankhanso,
ndipo chipinda chonse chinangoti zii,
malata okha akuthetheka ndi kutentha.

Sindinena kuti anachira, poti sankadwala.
Lolemba anasokonezanso.
Pamayeso nthawi inamuthera pa funso lachinayi.
Koma tsopano amakhala pakati,
Asiyatu akumuwerengera mafunso chapansipansi,
iye n'kumukonzera zipi ya chikwama.

Ndipo alipo ena.
Mwanaisha, yemwe manambala amamudutsa
ngati madzi m'lichero.
Amidu, yemwe belu likalira amatseka makutu n'kubisala kuseri kwa kabati.
Kamnyamata ka pazenera kosatha kukhala pansi mphindi ziwiri.
Magudumu awo sindinawapeze.
Usiku ndimagona nawo mayina awo,
udzudzu ukundiimbira kunja kwa neti.

Dzulo, ena atatuluka kukalandira phala,
Twaibu anatsalira, kope lili pachifuwa.
Bambo ake ali ku Joni chaka chachinayi,
amamva mawu awo pa foni ya amalume, mwezi ukatha.
Anaika chala pa tsamba loyera,
chala chija n'kusiyapo kachidindo kakuda,
nandifunsa osandiyang'ana:

"Aphunzitsi,
'bwerani'
amayamba ndi gudumu liti?"