Kutsogolo kwa Mzere

Lipenga la ku Arakan lidalira m'mawa uja ngati masiku onse,
koma silinkaitana ife.
Bambo a Tiyezye adadzuka ndithu, phazi limodzi m'jombo,
kenako adakhala pabedi
kuyang'ana phazi linalo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
zidakwana m'kalata ya mizere inayi.
Miyezi itatu, mubweze makiyi.

Kopolo wamng'ono, yemwe ndidamuberekapo kumsana
amake atagonekedwa ku Maina Soko,
adabwera ndi buku kudzawerenga nyumba:
mazenera asanu, maloko atatu, mpopi wodontha.
Pafelemu ya chitseko adapeza timizere ta pensulo,
msinkhu wa Tiyezye, msinkhu wa Limbikani, chaka ndi chaka.
Adati, maso ali m'buku, Amayi, apa mupake penti.
Ndidapaka.
Ana anga adamira mu utoto wa boma
kuyambira kumapazi.
Mpapaya wanga wakuseri sudalembedwe.
Ukupsera ana a wina.

Ku ofesi ya nyumba adati, inu ochokera ku usilikali
malo anu ndi kutsogolo.
Fomu yobiriwira, zithunzi ziwiri, chidindo cha mkulu wa kampu.
Mwamuna wanga adaima njo pazenera, manja m'mbali,
pamaso pa kamnyamata kotafuna nsawa.

Pabenchi ndidakhala ndi a Esinati a ku Kanyama,
ogulitsa tomato ku Soweto.
Risiti yawo inali m'kapulasitiki ka shuga,
yofewa ngati nsanza, zaka khumi ndi chimodzi.
Bedi lawo lili pa mabuloko anayi, adatero,
chifukwa Januwale amalowa m'nyumba osagogoda,
nsapato za ana n'kumayandama ngati abakha.
Adanyema chitumbuwa pakati, nandipatsa mbali yaikulu.

Ndiye kamnyamata kaja kadaitana:
Sajeni Zimba ndi banja!

A Esinati sadanene kanthu.
Adangopinda maondo kuti ndidutse.

Ndidafuna kuwauza kuti munthu uyu
adapita kudziko la eni kukaletsa nkhondo ya eni,
nabwerako khutu limodzi litafa,
kuti galimoto ikaphulitsa tayala pa msewu wa Burma
ndimamupeza pansi pa tebulo,
kuti ife sitidakumbepo maziko paliponse
popeza lamulo linkatizula tisanamere:
Kabwe, Kaoma, Chipata, Lusaka.
Zonsezo n'zoona.
Koma mafuta a chitumbuwa chawo anali akadali ku zala zanga,
ndipo fomu yobiriwira idadetsedwa nawo pakona.

Musaganize kuti adatipatsa makiyi.
Adatipatsa nambala,
fodya wa pachala, wa mphepo.
Kutsogolo kwa mzere nakonso ndi mzere.

Lero tili ku Bauleni, zipinda ziwiri za lendi,
chimbudzi chimodzi mabanja asanu.
Penshoni akuti ili m'njira, kaya idakwera basi yanji.
Mamendulo ali m'kachitini ka tiyi pamodzi ndi mabatani.
Madzulo bambo amapukuta jombo zomwe zija mpaka ziwale
kuti akalondere geti la munthu ku Kabulonga,
kuchitira sawatcha agalu ndi alendo.

Eni nyumba adaletsa kulemba pakhoma,
choncho ndidatola thabwa kwa kalipentala.
Ndimaimika Limbikani, chidendene pansi, chibwano mmwamba,
ndi kudula kamzere ndi mpeni.
Thabwa limeneli ligona pansi pa bedi
mpaka lidzapeze chitseko chathuchathu.

Usiku wathawu mvula idagwa ya matalala.
Ndidaika beseni podontha, ndidasuntha matiresi,
kenako ndidangokhala mumdima
kumvetsera mabingu akulowera chakumadzulo,
kuwerenga mabuloko anayi a bedi la munthu wina.