Ndimalowa Mkangano Utatha

Ndimafika pa bala ya a Gledhill sikisi isanakwane,
Sheffield akadali m'bulangete,
kamvula kakuno kosadziwa kukata kakundilowa m'khosi.
Njinga ndimaimangirira ku chitsulo cha kuseri
pafupi ndi migolo yopanda kanthu.
Kenako ndowa, chikolopa,
ndi kuwerenga.

Paja mkangano umasiya mapazi.
Pa tebulo la pakona wina wajambula msewu wathu
ndi chala choviika m'mowa.
Wauma, koma ukapendeketsa mutu ukuoneka:
apa mphambano, apa maloboti,
apa pomwe khonsolo yaika mabokosi a maluwa
kuti galimoto zisamadutse.
Mzere wokhotakhotawu ndi wa a Clifford,
zaka makumi atatu pa chiwongolero cha basi.
Dzanja limanjenjemera masiku ano,
pakamwa ayi.

Pepala la dandaulo lamatirira pa kauntala.
Mayina makumi anayi ndi awiri,
ena asaina kawiri,
wina wasainira ndi galu wake yemwe.
Pansi penipeni, ndi inki yobiriwira:
"Mwana wanga akupita yekha kusukulu tsopano. Yusra."
Wina wayesa kukanda ndi chikhadabo,
wasiyira panjira.

A Gledhill sindimawada.
Lole ya mowa tsopano imaima kuseri kwa tchalitchi,
Tobiasz n'kumagubuduza migolo mtunda wonsewo
akutukwana m'chiyankhulo cha kwawo.
Mwa madala a mawondo otupa,
omwe ana awo ankawatsitsira pakhomo penipeni,
atatu aleka kubwera.
Mipando yawo ndimaipukutabe ngakhale sinade.
Bala ya kumtunda inatsekedwa chaka chatha,
lero mumagona ana a sukulu yaukachenjede.
Mayiwa akawerenga ndalama usiku
mantha awo amatsalira m'kabati,
m'mawa ndimawamva fungo.

Koma phewa langa lamanzere limadziwa zina.
Zaka zinayi zapitazo, pa mphambano yomweyo,
chitseko cha galimoto chinatseguka ngati mbama.
Ine pa phula khu!
Buledi ndi malalanje mbwee!
Mwini galimoto anayamba waona utoto wa chitseko chake
asanaone ine.
Lero ndimatsetsereka pa kanjira kofiira,
kopapatiza ngati lamba,
ndipo ndimamva mbalame.
Sindinkadziwa kuti msewu uno uli ndi mbalame.

Lachinayi kunali msonkhano muno momwemo.
Mnyamata wa ku khonsolo anadza ndi mapu ake,
a zipewa zolimba ndi majekete owala anadza,
a makiyi a galimoto m'manja anadzanso,
aliyense atanola chiwerengero chake ngati mpeni.
Wokolopa amamuitana ndani?
Ine ndinangopeza matambula awiri osweka,
mapu atang'ambika pakati pa mphambano,
ndi chipewa cha njinga
choiwalika pa mpando wa a Clifford,
m'kati mwake muli makoko a mtedza.

Kaya anagwirana m'makolala, kaya anadyera pamodzi.
Litsiro silinena zonse.

Dzulo a Gledhill anatsika molawirira
ali mu mkanjo wogonera, cholembera m'manja.
"Noreen, iwe sunasaine."
Ndinafinya chikolopa, madzi akuda chuu m'ndowa.
Ntchito ino ndiyo lendi yanga.
Phewali nalonso ndi langa.
"Manja anyowa," ndinatero. "Mawa."

Anayang'ana pawindo,
njinga yanga ikudontha pa chitsulo paja,
anayang'ana nthawi yaitali ndithu.
Kenako anatereka ketulo, makapu awiri,
tinamwa chiimirire, tikukamba za mvula.

Mawa lija ndi lero.
Pepala alisiya pa kauntala,
cholembera chitagona pamwamba pake,
pomwe pamayambira kupukuta kwanga.
Ndapukuta kumanja kwake,
ndapukuta kumanzere.
Kunja Tobiasz wayamba kale kugubuduza,
ndipo belu la njinga ya mwana wina
likumupempha njira.