Mzere Wofiira

Zida zanga ndi rula ndi cholembera chofiira,
mu ofesi ya zamaphunziro pano pa boma pa Nkhotakota,
tebulo la pakona, pafupi ndi kabati yokana kutsekeka.
Chaka chino thumba la basale likukwana ana makumi anayi.
Mayina abwera mazana atatu ndi kanthu.

Amafika pa njinga yamoto ya alangizi a m'mazoni,
m'maenivelopu ovumbwidwa ndi mvula ya kutsidya la Bua,
a ku Mwansambo, a ku Benga, a ku Kasitu,
ena onunkha utsi, ena odindidwa chala
pamalo posainira kholo.
M'mphepete aphunzitsi aakulu amanong'ona ndi pensulo:
uyu bambo ake anapita kodula nzimbe ku Dwangwa, mpaka lero;
uyu amagona m'khitchini kwa azakhali;
uyu pa masamu amandikonza ndi ine ndemwe.

Komiti inakhala Lachitatu mpaka magetsi kuzima.
Ine changa n'kutayipa,
kugoneka rula pansi pa dzina la makumi anayi,
n'kukoka.

Woyamba kunsi kwa mzerewo,
inki yochita kumukhudza pamutu,
ndi Saujiya Mwachande, Fomu 2.
Anabwera yekha Lolemba, nsapato zili m'jumbo,
anazivalira pakhonde atapukuta mapazi ndi tsamba la mango.
Anayenda ndi chala pa bolodi kuchokera pamwamba,
pang'onopang'ono, ngati wosankha miyala mu mpunga,
mpaka chala chinaoloka chofiira chija.

Ndinamuyalira zonse tili nazo
ngati mwini okala woopa kuti kasitomala apita:
phala la m'mapulayimale,
makalasi a masana a ana ovutika kuwerenga,
amayi a m'magulu osoka nsalu za atsikana,
aphunzitsi a Kalilangwe opalasa njinga sukulu zisanu
kukayankhula ndi manja kwa ana osamva.
Anandimvera mpaka ndinatha mpweya.
"Phalalo ndinamwa kale, madamu.
Ndimafuna ndidziwe, kodi mzerewu umasuntha?"

Ndinati nthawi zina.
Sindinamuuze chimene chimausuntha.

Umasuntha wina wa pamwamba akagwa:
mimba, banja, malungo ofika mochedwa kuchipatala,
kapena basi ya ku Joni.
Zaka khumi ndi zinayi pa tebulo ili
sindinaonepo ukusuntha chifukwa ndalama zachuluka.

Sabata yachitatu foni inalira.
Nambala seventini, Tiyamike Chagunda,
desiki yake yakhala yopanda munthu chitsegulire sukulu.
Akuti ali kwa mwamuna, wogula chinangwa wa pa msika.
Ndinafufuta. Ndinagonekanso rula.
Ndipo ndiulule pano, poti pepala silinena kwa abwana:
mtima wanga unavina kaye
usanakumbukire kuchita manyazi.

Saujiya tsopano ali m'kalasi.
Wanditumizira kakalata, zilembo zowongoka ngati mizere ya m'dimba,
akuti sayansi ikumukomera,
akuti Mulungu anamva dua yake.
Kalatayo ndaipinda kanayi, ili pansi pa sitepula.

Koma dzulo ndalemberanso mayi Nasimango,
wapampando wa gulu la amayi kwawo kwa Tiyamike,
amene amati akalowa pakhomo sachoka
mpaka mwana atafunafuna yunifolomu.
Ndawapempha akamutenge.
Ndikuwadziwa, akamutengadi.

Ndiye tsiku lina posachedwa
awiriwa adzaima pakhonde pano,
wina nsapato m'jumbo, wina mwina mwana kumbuyo,
malo ali amodzi.
Ndayamba kale kulemba makalata,
ku khonsolo, ku mzikiti, ku parishi, kwa a kampani ya shuga,
masitampa ndikugula ndi za m'thumba mwanga.

Pakali pano inki ikukhudza mutu wina,
Twaibu Kanyenda wa ku Dwambazi.
Sanabwerebe.
Njinga ikaima panja ndimadzutsa maso.