Mtengo wa Mandimu Usadulidwe

Ofesi yanga ili pamwamba pa sitolo ya nsapato,
m'munsi mwa mapiri a Valparaíso,
pamene makontena a padoko amalira ngati ng'ombe zachitsulo.
Lachitatu ndimawerengera anthu mapepala awo ulere.

Anabwera awiri, ambulera imodzi.
Mayi Herminia Quiroga, eninyumba,
amene mawondo awo anakana kale masitepe,
ndi Baltasar Ñancupil, wophika buledi usiku,
ufa udakali m'zikhadabo.
Pakati pawo masamba asanu ndi awiri
amene mdzukulu anakopera kwinakwake
n'kungosintha mayina.

Ndinavala magalasi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
ndipo nkhono za m'mapepala otere
zimabisala m'timalemba ta m'munsi.

Ndime yachinayi inkanena za poimika galimoto.
Nyumbayo ili pamwamba pa masitepe zana ndi makumi atatu.
Galimoto yake iti, yamapiko?
Ndinadula. Anaseka onse.

Pa ndime yachisanu ndi chinayi sanaseke.
Lendi ikachedwa masiku atatu,
loko asinthidwe, katundu panja.
Baltasar anayang'ana nsapato zake.
Mayi Herminia anagwira pakamwa:
Ine? Ndi manja ati?
Ndinawauza kuti khomo la munthu silitsekedwa ndi mkwiyo,
pali notisi, pali woweruza,
pali masiku oti munthu akokeko mpweya.
Cholembera changa chofiira chinadutsa pamenepo
ngati khasu pa nsongole.

Kenako mafunso anga otopetsa aja.
Chikole cha mwezi umodzi chidzabwezedwa liti?
Denga likadontha mu Julaye, akwere ndani?
Nanga nthaka ikagwedezeka,
monga ichitira kuno osagogoda,
mng'alu wa pakhoma ndi wa yani?
Jambulani zipupa lero, ndinatero,
mng'alu uliwonse ukhale ndi tsiku lake lobadwa,
kuti mawa wina asaunamizire bambo.

Baltasar anapempha chimodzi chokha:
lendi izilipidwa pa seveni, osati pa wani,
poti bwana wake amakumbukira malipiro mochedwa.
Tinalemba.

Ndinali nditayamba kutseka fayilo
pamene mayiwo anandigwira mkono wa jekete.
Palinso mtengo, anatero.
Wa mandimu, kuseri, wopindika msana.
Anaubzala Eleodoro chaka chimene anamuchotsa ntchito padoko.
Sanasiye chithunzi chooneka ngakhale chimodzi.
Anasiya mtengowo.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikulemba
za mipope, mamita a magetsi,
agalu oletsedwa, misomali ya pakhoma,
koma ndime ya munthu wakufa sindinailembepo.
Pepala silikana inki.
Wobwereka nyumba sadzadula mtengowo.
Adzauthirira m'chilimwe.
Mandimu ndi ake,
kupatula asanu oyamba a chaka,
amene adzatsika nawo yekha masitepe kukapereka.

Asanu achepa, anatero Baltasar,
lembani khumi, ndi buledi mmodzi wotentha.
Khumi ndinalemba.
Buledi ndinamusiya kunja.
Zinthu zina zikalowa m'pangano
zimasanduka ngongole.

Anasaina, iye mofulumira ngati wopsa chala,
mayiwo chilembo chimodzichimodzi,
lilime lili pakati pa mano.
Aliyense ndi kope lake.
Makiyi anasamuka thumba,
osalira n'komwe.

Pawindo ndinawaona akudikira chikepe cha m'phiri,
ambulera ija itapendekera kwa mayiwo,
phewa la Baltasar likunyowa.
Mwina adzakangana chaka chisanathe,
anthu ndi anthu,
koma akadzatsegula diloo kufuna pepala
sakapezamo msampha.

Pabenchi panali patakhala kale wina,
mwana kumwendo,
kalata yomuthamangitsa m'nyumba itapindidwa kanayi,
yofewa ndi thukuta.
Ndinapukuta magalasi.
Lowani, ndinatero,
tiyambire tsamba loyamba.