Ziphaniphani za pa Mtsinje wa Selangor

Zaka makumi atatu ndikupalasa bwato pa mtsinje uno
sindinafunsepo chifukwa chake.
Kukada, mitengo ya berembang imayamba kuphethira:
kuno chimodzi, uko ziwiri, chilichonse pa nthawi yake,
kenaka phethi! mtengo wonse pamodzi,
ngati wina akuziimbira ng'oma pansi pa matope.

Rosnani anabwera ndi kamera ndi kope lonyowa m'mphepete.
Anati palibe woimba ng'oma.
Chilichonse chimangosuzumira chinzake chapafupi,
chikachedwa chimafulumirako,
chikatsogola chimadikira.
Basi.
Ndinati ndiye zatiposa nzeru.

Usiku wachitatu anati tizisokoneze.
Anamangirira timagetsi pa nthambi,
kalikonse kothwanima mwachisawawa.
Ife timati phokoso, anatero, ngakhale silimveka.
Atayatsa tiwiri, zingapo zinaphonya,
zinadzandira pang'ono n'kubwerera mumzere.
Mtengo sunadziwe n'komwe.
Anawonjezera. Anawonjezeranso.
Titafika khumi ndi tiwiri
kuwala kunamwazika ngati mpunga wotayikira pansi,
chilichonse chikuyankha bodza lakelake.
Iye analemba nambala.
Ine ndinamva ngati ndaba.

Tikubwerera, mphezi inang'anima cha kunyanja,
kutali, yopanda bingu.
Inang'animanso. Inakhala chete mpaka tinaiwala,
n'kubweranso katatu motsatizana.
Nayonso inalibe ndondomeko,
koma inkazigwera zonse nthawi imodzi,
ndipo mitengo ya tsidya lino ndi ya kuseri kwa gondo,
yosaonana chibadwire,
inayamba kuphethira limodzi.

Rosnani anaika cholembera pa bondo.
Phokoso n'lomwelo, Pak Jusoh, anatero,
nkhani ili pakuti aliyense walandira lake
kapena lagwera tonse.

Sindinamuyankhe.
Ndinkaganiza za mng'ono wanga Shaari.
Zaka zisanu sitinapatsane moni chifukwa cha injini ya bwato,
aliyense ndi womunong'oneza wake ku msika wa nsomba.
Chaka cha chigumula
tinapezeka tili m'nyumba ya mayi, madzi m'mawondo,
tikukapa,
ndowa yake ndi yanga zikukwera ndi kutsika pamodzi
popanda wowerengera.
Madzi ataphwa anatenga ndowa yake n'kumapita.

Mitambo inadutsa.
Tsidya lija linayamba kutsalira,
pang'ono, pang'ono, mpaka ndi ine ndinaona.
Rosnani anandifunsa nthawi.
Ndinati wotchi yanga imachedwa,
ndipo ndinakhotetsa bwato kulowera ku doko.