Dzuwa Likakana Kulowa

Mwezi wa Juni kuno ku Tromsø dzuwa lilibe manyazi.
Ola lachiwiri usiku likadali pakhonde
ngati mlendo amene waiwala kutsanzika.
Ndinakhoma nsalu zakuda pazenera
koma limadzera m'mphepete, kachingwe kowala pakhoma.
Tulo tinasamuka m'nyumba muno chaka chimene Eilif anatisiya,
ndipo sitinanene kumene tinapita.

Ndiye ndimadzuka.
Ndimavala masokosi ake aubweya, ondikulira,
n'kutsegula bokosi la nsapato lodzaza makaseti.
Ankajambula nyimbo pawailesi, chala chili pabatani,
koma nthawi zonse ankachedwa.
Nyimbo iliyonse imayambira pakati
ngati munthu wofika nkhani itapsa kale.
Pakaseti yachitatu mayi wina akuimba, vayolini ikumutsatira,
asanamalize, wolengeza zanyengo amamudula pakamwa:
mphepo yochokera kumpoto, mafunde mamita anayi,
asodzi samalani.
Kenako kutsokomola. Kwa Eilif. Kawiri.
Mkuntho umenewo unadutsa zaka makumi atatu zapitazo
koma ndimawaderabe nkhawa asodziwo.

Mabuku ankhani ndinawaleka usiku.
Amandikoka mkono kuti ndikaone mathero,
pamene ine mathero ndaona okwanira.
Ndimawerenga buku la injini ya boti lake,
lakuda ndi mafuta, lonunkha doko,
tsamba lopindika pakona:
kachotsedwe ka mpweya m'paipi ya dizilo.
Pambali analemba ndi pensulo, "Osamanga kwambiri."
Sindidziwa ankanena nati iti.
Mawu awiriwa ndawawerenga kuposa makalata ake onse,
ngakhale, kunena zoona, anandilemberapo awiri okha.

Pamwamba panga Solvår amayendayenda ndi khanda lake,
mapazi asanu ndi awiri kupita,
asanu ndi awiri kubwerera, matabwa akudandaula.
Usiku wina ndinachita manyazi,
ndinatsitsa kaseti mpaka mayi uja anayamba kunong'ona.
Sipanapite nthawi, gogogo pachitseko.
Anali iye, tsitsi lili nyankhalala, jekete atavala chozondotsa,
mwana akung'amba kukhosi paphewa pake.
Ndinali nditakonza kale kupepesa.
"Torunn," anatero, "kwezani, chonde.
Iver akangomva bambo wanyengo uja akutulukira pansi,
amagona."

Kuyambira pamenepo ndili ndi ntchito.
Ola lachiwiri likakwana ndimayika chilimba pamwamba pa kabati,
pafupi ndi denga,
n'kumasula mkuntho wakale uja.
Mphepo yochokera kumpoto. Mafunde mamita anayi.
Mapazi asanu ndi awiri amasanduka anayi,
kenako awiri,
kenako bedi limalira kamodzi, basi zii.

Tepi ikatafunidwa ndimaikulunga ndi pensulo,
pang'onopang'ono, osamanga kwambiri.
Yayamba kale kutha. Mayi woimba uja mawu akumulemera,
vayolini ikuyenda chotsimphina.
Sindinamuuze Solvår. Mwana adzakula tepi isanaduke, mwina.

Panja mbalame zam'nyanja zikukangana pa bini ya zinyalala.
Chipale chotsala paphiri chayera mbee.
Basi yoyamba sinadutse.
Ndathira khofi, popeza palibe chimene angandilande,
ndatsegulanso tsamba lija.
Mwana wa eni wagona ndi chifuwa cha mwamuna wanga,
ine ndikuphunzira kukonza boti
limene ndinagulitsa kalekale.